Chaka Chimene Ndinavotera Dziko la Eni

Kakhadi kaja ndikadali nako. Ndimakasunga m'Buku Lopatulika, pamodzi ndi chithunzi cha malemu bambo atavala jekete lawo lopitira ku tchalitchi. Ndi kapepala wamba, koma pali dzina langa, nambala ya nyumba imene ndinkachita lendi kummwera kwa mtsinje wa Clyde, dzina la sukulu ya pulayimale kokavotera, ndi tsiku: Lachinayi pa 18 Sepitembala 2014. M'mawa umene ndinakapeza pakhomo ndinali nditangoweruka ku ntchito ya usiku. Ndinakatola n'kukhala pa masitepe, nsapato zikadali kuphazi. Dziko la eni linkandifunsa ine, mwana wa ku Domasi, ngati lidziimire palokha kapena ayi. Kwathu, kumene kudakwiriridwa mchombo wanga, anthu anali atavota kale mu Meyi, ndipo palibe anandifunsa kanthu.

Ndinafika ku Glasgow kumayambiriro kwa 2004, nthawi imene anamwino ambiri tinkachoka m'zipatala za kwathu kudzasaka malipiro ooneka. Ndinabwera ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 6, mumtima ndikuti ndikhala zaka zitatu, ndimangire amayi nyumba ya malata, kenaka ulendo wa kumudzi. Zaka zitatu zija zinabala zinzake. Pofika 2014 ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalirako okalamba, ndipo pasipoti yanga inali ya Malawi yokhayo. Masiku amenewo lamulo la kwathu silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo mtima unkandikaniza kutaya yakwathu. Koma malamulo a riferendamu ankati wokhala mu Scotland movomerezeka, ngakhale wochokera m'mayiko a Commonwealth kapena a European Union, avote, kuyambira wa zaka 16. Munthu wobadwira ku Dundee koma wokhala ku London analibe voti. Ine ndinali nayo.

Nkhani yake inali yotere. Scotland ndi England adalumikizana mu 1707 kukhala pansi pa nyumba ya malamulo imodzi ku London. Mu 1999 anthu a kuno adapezanso nyumba yawo ya malamulo ku Edinburgh, yoyang'anira zipatala, masukulu ndi apolisi, koma asilikali, misonkho yambiri, ndalama zothandizira osowa komanso za olowa ndi kutuluka m'dziko zidatsala m'manja mwa Westminster, nyumba ya malamulo ya ku London ija. Chipani cha SNP cha Alex Salmond chitapambana kwambiri mu 2011, iye ndi nduna yaikulu ya Britain, David Cameron, adasainirana pangano mu Okutobala 2012 kuti anthu afunsidwe. Funso linali limodzi, lalifupi: kodi Scotland ikhale dziko loima palokha? Tsiku lolandira ufuluwo linali litaikidwa kale, pa 24 Malichi 2016, ngati anthu akanavomera.

Chaka chinayamba ndi ndalama. Pa 13 Febuluwale, nduna ya zachuma ya Britain, George Osborne, inabwera ku Edinburgh kudzanena kuti Scotland ikachoka isayembekeze kugawana paundi ndi otsalawo. Salmond anayankha kuti paundi ndi ya onse. Kuntchito kwathu, pa tiyi wa pakati pa usiku, anzanga ankakangana za penshoni, za mafuta a m'nyanja ya North Sea, za sitima za pansi pa madzi zonyamula zida za nyukiliya zimene zimakocheza ku Faslane, kufupi ndi Glasgow. Ine ndinkangomvetsera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye ndinkaona kuti si panga poikapo mlomo.

Mu Meyi mtima wanga wonse unasamukira kumudzi. Pa 20 Meyi a Malawi anavota chisankho chapatatu, cha pulezidenti, aphungu ndi makhansala. Usiku umenewo ndinaika foni m'thumba la yunifomu, kachingwe kukhutu, ndikumvera wailesi ya Zodiak pa intaneti uku ndikutembenuza agogo odwala pa bedi. Masiku anapita, zotsatira osatuluka. Mayi Joyce Banda analengeza kuti athetsa chisankhocho, khoti linawaletsa, ndipo mpaka usiku wa pa 30 Meyi ndi pamene wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, Maxon Mbendera, anatchula dzina la Peter Mutharika, misozi ili m'maso. Pakati pa masiku amenewo, pa 23 Meyi, nyumba yotchuka ya Glasgow School of Art, imene adaijambula Charles Rennie Mackintosh, inagwira moto. Ndinauona utsiwo ndili pa Sauchiehall Street, anthu ataima chilili, ena akulira ngati pa maliro. Ndinawamvera chisoni ndithu, koma maso anga ankabwerera pa foni, kudikira uthenga wa achimwene.

Amayi anandiimbira madzulo a tsiku lovota lija. Anati anadzuka tambala woyamba, anaima pamzere mpaka dzuwa kuswa mtengo, ndipo inki yakana kuchoka pa chala. "Iwe mwana wanga, kumeneko wavota bwanji?" Ndinawauza kuti ife akunja sativotetsa. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Basi, ndakuvotera ndine." Ine kwathu ndinavota komaliza mu 1999.

Ndinene chinthu chimodzi chokhudza Scotland chimene Mmalawi wokhala ku Manchester kapena ku Johannesburg sangachimvetse. Kuno ukatchula Malawi sakufunsa kuti ili kuti. Uyu amakuuza kuti mwana wake adakamanga nawo kalasi ku Ekwendeni, uyo akuti mpingo wawo uli pa ubale ndi wa ku Mulanje, winayo amasonkha ndalama za phala la Mary's Meals. M'maholo a matchalitchi amagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Mu 2005 Jack McConnell, mtsogoleri wa boma la Scotland panthawiyo, ndi Bingu wa Mutharika adasainirana pangano la ubale wa maboma awiriwa. Zonsezi zimakoma, koma zimapwetekanso, chifukwa dzina la kwanu umalimva tsiku lililonse m'kamwa mwa anthu amene akupitako kawirikawiri kuposa iwe mwini. Ukatsikira pansi pa siteshoni ya Glasgow Central, pa bolodi pamaoneka sitima yodzera ku Blantyre. Kangapo ndinaikwera popanda chifukwa. Umatsika m'katauni kachete, n'kuyenda mpaka pa nyumba yoyera ya Shuttle Row m'mbali mwa Clyde, momwe David Livingstone adabadwira mu 1813. Kulibe phiri la Ndirande, kulibe Soche, kulibe mnyamata woitanira minibasi ya ku Limbe. Ndinkangofuna kuti tikiti m'dzanja langa ikhale yolembedwa dzina limenelo.

Pa 6 Julayi Malawi inakwanitsa zaka 50 za ufulu wodzilamulira. Tinasonkhana a Malawi angapo m'holo ya tchalitchi, aliyense ndi poto wake. Nsima inaphikidwa ndi ufa wa m'sitolo umene sugwirana ngati woyera wa kwathu, wina anabweretsa usipa umene mlamu wake adaunyamula m'chikwama kuchokera ku Mangochi, ndipo tinaugawana ngati mankhwala. Tinavina, koma nkhani za pa tebulo zinali za Cashgate, za zipatala zopanda mankhwala, za kwacha yomangogwa. Bambo wina wachikulire anafunsa kuti zaka 50 zimenezi tapindulanji. Mayi wina anamuyankha kuti ngakhale zili choncho, ndani pano angafune kuti abwanamkubwa achizungu abwerere ku Zomba? Panalibe amene anakweza mkono.

Kenaka kunabwera masewera a Commonwealth, kuyambira pa 23 Julayi mpaka pa 3 Ogasiti. Dzuwa linawala mosazolowereka, mzinda unadzaza alendo, ndipo ine ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi kukaonera ma Queens, timu yathu ya mpira wa manja, akusewera ndi New Zealand ku bwalo la SECC. Ndinavala chitenje pamwamba pa buluku, duku kumutu, mbendera paphewa. Atsikana athu atalowa m'bwalo ndinamva mmodzi akuitana mnzake m'Chichewa, mawu awiri okha, ndipo misozi inangoyamba yokha. Mwai Kumwenda ankaulanda mpira m'mwamba ngati akuthyola mango, akaponya n'kulowa. New Zealand, timu yoopedwa dziko lonse, inatuluka thukuta, ndipo inangotiposa ndi zigoli zitatu, 50 kwa 47. Eni dziko amene anakhala pafupi nane ankakuwa dzina la Malawi mpaka mawu kusasa. Ine ndinaimba nthungululu, yoyamba m'zaka 10, ndipo kutsogolo kwina mayi wina amene sindinamuone nkhope anandiyankha ndi yake. Ma Queens anamaliza pa nambala 5 atagonjetsa South Africa. Madzulo amenewo ndinayenda wapansi m'mbali mwa mtsinje, osafuna kulowa m'nyumba, chifukwa ndinkadziwa kuti atsikanawo pakapita masiku ochepa akwera ndege ya kwathu, ine n'kutsala.

Masewera atatha, dziko lonse linasanduka bwalo la milandu. Pa mawindo a nyumba panamatidwa mapepala, ena olembedwa Yes, ena No Thanks. Pa Buchanan Street anthu ankaima timagulu kutsutsana, m'basi ngakhale osadziwana ankafunsana kuti watsimikiza mbali iti. Salmond ndi Alistair Darling, mtsogoleri wa gulu lokana la Better Together, anakumana kawiri pa kanema, pa 5 ndi pa 25 Ogasiti. Koyamba ambiri anati wapambana ndi Darling, kachiwiri Salmond. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anthu wamba, oyeretsa m'zipatala, oyendetsa mabasi, anyamata a m'madera osauka amene anali asanavotepo, ankalankhula za dziko lawo ngati munda umene akufuna kuugawa malire.

Kuntchito kunali agogo ena a zaka zoposa 90, amene amuna awo adagwira ntchito yokhoma sitima zapamadzi ku Govan. Ankanditchula kuti hen, mawu amene kuno amaitanira mkazi mwachikondi ngakhale tanthauzo lake ndi thadzi. Ali mwana ankaponya makobiri m'kabokosi ka Sande sukulu kothandizira Nyasaland, ndipo dzina limenelo ndi limene ankalidziwa. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi anandigwira dzanja n'kunena kuti inu mudachoka m'manja mwa London, tsono tiuzeni, kodi mudachita bwino? Ndinawayankha kuti inde agogo, tidachita bwino, ngakhale tavutika. Koma ndinawauzanso kuti nkhani yathu ndi yawo si imodzi. Scotland sinali dziko lolamulidwa ndi atsamunda monga ife. Ana a kuno ndi amene adatibweretsera sukulu ndi zipatala ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Domasi kwathu, ndipo mu 1959, Kamuzu ndi anzake ali m'ndende, Mpingo wa Scotland udatiyankhulira mwamphamvu potsutsa chitaganya. Koma ana a kuno omwewo analinso eni minda ya thangata; esiteti ya ku Magomero imene John Chilembwe adaiukira mu 1915 inali ya banja la mdzukulu wa Livingstone. Agogowo anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena kuti zimenezo ku Sande sukulu sadawauze.

Mkangano weniweni unali m'nyumba mwanga. Mwana wanga anali atakwanitsa zaka 16, ndipo dzina lake linali m'kaundula wa ovota. Anamata pepala la Yes pa windo la kuchipinda kwake. Ankandiwerengera pa zala: mwa aphungu 59 amene Scotland imatumiza ku Westminster, wa chipani cha Conservative ndi mmodzi yekha, koma chipani chimenecho ndicho chikutsogolera boma, mu mzinda wolemera ngati uno mabanja akukapempha chakudya m'maholo a matchalitchi, ndalama zikuthera pa zida za nyukiliya. Ankalankhula Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga, ndipo pa chiganizo chilichonse ankati "ife". Ndinamvetsera "ife" ameneyo ndipo ndinazindikira kuti mulibe Domasi m'kati mwake. Chichewa amamva, koma poyankha amadodoma. Agogo ake akaimba foni, amathera pa moni.

Usiku wina ndinamusimbira za 1993. Ndinali ndi zaka 17. Ndinamuuza za makadi a chipani amene ankatifunsa polowa mumsika, za mmene bambo ankatsitsira mawu akamatchula boma ngakhale m'nyumba mwawo momwe, za kalata ya mabishopu a Katolika ya mu Malichi 1992 imene anthu ankapatsirana mobisa. Pa 14 Juni 1993 panali zizindikiro ziwiri, tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Bambo, mkulu wa mpingo, munthu woopa milandu moyo wake wonse, anavala jekete lija kusanache n'kupita. Atabwera anakhala pakhonde, akuyang'ana phiri la Malosa, osalankhula. Amayi atawapatsa madzi, anangotukula zala ziwiri. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Mwana wanga anamvetsera maso ali gwa, kenaka anati, "Ndiye amayi, mukudziwa kale chochita." Sindinamuyankhe.

Pa 7 Sepitembala kafukufuku wa YouGov anaonetsa koyamba kuti a Yes ali patsogolo, 51 kwa 49. Ku London kunagwa chipwirikiti. Atsogoleri a zipani zikuluzikulu za kumeneko, Cameron, Ed Miliband ndi Nick Clegg, anasiya zonse n'kuthamangira kuno, ndipo pa 16 Sepitembala analonjeza pa tsamba loyamba la nyuzipepala ya Daily Record kuti Scotland ikatsala ipatsidwa mphamvu zina. Mabanki akuluakulu ananena kuti Scotland ikachoka adzasamutsira malikulu awo ku England. Paundi inatsika mphamvu. Sabata yomweyo achimwene ananditumizira uthenga wondikumbutsa kuti dzina la amayi silinatuluke pa makuponi, feteleza akufunika matumba anayi mvula isanagwe, ndipo fizi ya ana awiri a malemu achemwali ikudikira ine.

Lachinayi lija kunacha ndi nkhungu. Malo ovotera anatsegulidwa 7 koloko m'mawa, ndipo tinapita limodzi ndi mwana wanga. Panalibe mzere wautali, panalibe msilikali, sanatifunse n'chitupa chomwe. Mayi wa pa tebulo anangofunsa dzina ndi nambala ya nyumba, n'kudula mzere m'kaundula. M'kachipinda kovotera munali kapensulo kakafupi komangidwa ndi chingwe. Ndinawerenga funso lija kawiri. Ndinaganiza za bambo ndi zala zawo ziwiri, za agogo a ku Govan, za mnyamata wanga amene anali m'kachipinda koyandikana nane. Kenaka ndinaona amayi atawerama m'munda ndi kachitini kothirira feteleza, ndipo dzanja langa linalemba mtanda pa Ayi. Ndinaopa kuti ndalama imene ndimatumiza ingachepe mphamvu, ndinaopa kuti chilolezo changa chokhalira kuno chingasokonekere pakati pa maboma awiri. Anthu a kuno anandipatsa voti kuti ndiganizire dziko lawo, ine ndinaganizira munda wa ku Domasi. Mpaka lero zimandilemera, chifukwa anandikhulupirira ngati mnansi. Potuluka ndinadziyang'ana chala. Kuno sapaka inki. Chinali choyera ngati sindinapite kulikonse.

Zotsatira zinatuluka m'bandakucha wa Lachisanu. Okana anali 2,001,926, ovomera 1,617,989, kutanthauza 55 ndi 45 pa anthu 100 alionse. Mwa olembetsa 100 alionse, pafupifupi 85 anavota. Glasgow, Dundee, North Lanarkshire ndi West Dunbartonshire anavomera, madera ena 28 anakana. Mwana wanga anachezera pa kanema usiku wonse, ndipo m'mawa ndinamupeza atagona pa mpando, nkhope itatupa ndi kulira. Ndinamufunditsa chitenje changa. Masana ake Salmond analengeza kuti atula pansi udindo, popanda kuthamangira kukhoti, popanda kunena kuti amubera. Madzulo ku George Square kunabuka chisokonezo, gulu lina lonyamula mbendera za Britain litalimbana ndi a Yes, apolisi a pa akavalo n'kulowererapo, koma kunja kutacha mabasi ankayenda monga mwa masiku onse. Nditamuuza mwana wanga mmene ndinavotera, anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anandifunsa mtengo wa thumba la feteleza.

Zotsalazo zinadutsa mofulumira. Anthu zikwizikwi analowa chipani cha SNP ngakhale chinali chitagonja, mu Novembala Nicola Sturgeon anakhala mayi woyamba kutsogolera boma la Scotland, ndipo komiti ya Lord Smith inatulutsa mfundo za mphamvu zatsopano zija. Masiku anafupika mpaka mdima kumagwa 4 koloko isanakwane, nthawi imene kwathu ana amakhala akuthamangitsa ngumbi ndipo fungo la dothi lonyowa lili ponseponse.

Pa 22 Disembala, anthu ali pikitipikiti kugula za Khirisimasi, galimoto yonyamula zinyalala inasochera pa Queen Street n'kuomba anthu mpaka ku George Square. Anthu 6 anamwalira. Mawa lake ndinapita kukaika maluwa pamodzi ndi khamu la anthu. Onse anali chete, a Yes ndi a No omwe, ataima m'mphepo yozizira. Kuno amalira mwa kachetechete, ndipo ine pakhosi panga pankafuna kutuluka kulira kwa kwathu, kwa amayi a Mvano atakhala pa mphasa m'siwa usiku wonse, nyimbo ikutsatana ndi inzake, amuna ali pa moto panja. Bambo atamwalira mu 2009 ndinafika patapita masiku anayi, ndinapeza manda atawundidwa kale, nkhata zitayamba kufota. Pa George Square paja ndinalirira anthu 6 amene sindinkawadziwa, ndipo ndinalirira bambo.

Usiku wotsiriza wa chaka, umene kuno amautcha Hogmanay ndipo amaulemekeza kwambiri, ndinali pa ntchito. Agogo a ku Govan anali atagona. Nthawi yozizira kwathu kumakhala patsogolo ndi maola awiri, choncho 10 koloko itakwana ndinalowa m'kachipinda kosungiramo mabulangete n'kuimba foni. Achimwene anayankha, kumbuyo kukumveka ana akumenya zitini ndi ng'oma ya kutchalitchi. Anapatsira amayi. Anati mvula inachedwa koma tsopano yagwa, chimanga chamera, feteleza woyamba athira. Anafunsa ngati mdzukulu wawo akudya bwino, ndiponso ngati anthu a kumeneko adagwirizana pa nkhani yawo ija. Ndinati adagwirizana kuti akhale monga analili, koma nkhaniyo sinathe. "Ife kuno talowa kale chaka chatsopano," anatero amayi. "Inu mukadali m'chakale?" Ndinati eya amayi, tikadali momwemo, kwatsala maola awiri. Belu la m'chipinda nambala 9 linalira, ndipo ndinawatsanzika.